Msana Umene Ndinausiya ku Kabulonga

Ntchito yanga inali yosamalira odwala m'nyumba zawo. Kampani imene inandilemba inali ndi kaofesi ku Woodlands, m'nyumba yokhalamo anthu imene anangoikamo madesiki awiri. Mayi amene ankatigawira ntchito tinkangowatchula kuti ba sista, ngakhale sindinawaonepo atagwira wodwala. Iwowo ndi amene ananditumiza ku Kabulonga kukasamalira bambo wina wokalamba amene sitiroko inawapha mbali ya kumanja. Anali munthu wamtali, wamapewa otambalala, amene anagwira ntchito m'migodi ku Kopala moyo wawo wonse. Atadwala, mwana wawo wamkazi anawatenga kudzakhala naye. M'kamwa mwawo munatsala mawu atatu okha: "ee", "awe" kutanthauza ayi, ndi "natotela", kuthokoza kwa Chibemba. Zina zonse tinkamvana ndi maso.

Poyamba tinali awiri panyumbapo. Lamulo la kampani, limene tonse tinasainira, linali lakuti wodwala wolemera asamanyamulidwe ndi munthu mmodzi. Patapita miyezi itatu, mwana wawo uja anadandaula kuti malipiro a anthu awiri akumulemera, ndipo ba sista anamuchotsa mnzangayo n'kumutumiza kudera lina la mumzinda momwemo lotchedwa Roma.

"Imwe ba kum'mawa ndimwe olimba," anandiuza akuseka, poti ine kwathu ndi ku Katete. "Muzakwanisa chabe."

Ndinaseka nawo. Ndinali ndi ana awiri pasukulu, ndipo munthu wofuna ntchito sakumbutsa abwana lamulo lawo lomwe.

Linali Lachiwiri m'mawa, nyengo yozizira. Ndinali nditawakhazika bambowo pa kampando ka pulasitiki m'bafa, ndawasambitsa, ndipo ndinatembenuka kuti nditenge thaulo. Mwendo wa kampandoko unaterereka pa matailosi onyowa. Ndinaona thupi lonse lija likupendekera kumbali yakufayo, mutu ukulunjika pampopi wachitsulo. Panalibe nthawi yoganiza. Ndinawakumbatira m'khwapa ndili chopotoka, kulemera kwawo konse n'kugwera pa ine. M'chiuno mwanga munamveka kuti thi, ngati nthambi yaiwisi imene yathyoka koma osaduka. Moto unayaka kuyambira m'chiuno mpaka kuchidendene cha kumanzere.

Sindinawataye. M'nyumba munalibe munthu wina, wantchito wa kukhitchini anali atapita kumsika. Ndinawakoka pang'onopang'ono mpaka kuwakhazika panjinga yawo ya odwala, kenako ndinagwira sinki ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konse kuja. Iwo ankangondiyang'ana, madzi akudontha m'ndevu. "Natotela," anatero. Ananenanso kachiwiri.

Masana ndinaimbira foni ba sista n'kuwafotokozera. Anati, "Imwani panado, muzamvela bwino. Manje ine munthu wina ningamupeze kuti?" Ndinamwa panadoyo. Papepala limene tinkalemba tsiku lililonse za wodwala ndinalemba monga mwa masiku onse: asamba, adya, amwa mankhwala. Za kampando sindinalembe, ndinkaopa kuti anena kuti ndine wosasamala. Za msana wanga sindinalembenso, poti pepalalo linalibe mzere wa ine. Madzulo mwana wawo atabwera kuchokera kuntchito, ndinamuuza ndili pakhomo kuti ndapweteka msana powagwira atate ake m'bafa. Anali pafoni. Anagwedeza mutu nati, "Pepani anti," n'kulowa.

Ndinagwiranso ntchito masiku atatu. Mmene ndinachitira sindidziwa. Ndinkawatembenuza bambowo pabedi nditaluma mlomo, ndinkawasambitsa ndi nsalu ali chigonere. Loweruka m'mawa, tsiku la Sabata, ndinafuna kudzuka kuti ndisite malaya a amuna anga, koma mwendo wa kumanzere unakana. Ndinautsina, osamva kanthu. Amuna anga, amene amagulitsa matikiti a basi ku Intercity, anandinyamula mpaka pagalimoto la aneba athu ku Chelstone kumene tinkakhala.

Kuchipatala anandijambula kawiri, poyamba ekisire, kenako makina aja olowetsa munthu yense m'mphako. Dokotala anaika chithunzicho pagalasi lowala n'kuloza ndi cholembera. Anati pakati pa mafupa a msana pamakhala timapilo, ndipo kamodzi kaphulika, kakufinya mtsempha wopita kumwendo. Anawonjezera kuti mafupa ena ayamba kutha, monga zimakhalira kwa anthu ambiri a msinkhu wanga amene akhala akunyamula zolemera. Zonse ziwiri anazilemba m'lipoti. Ine ndinangomva choyambacho. Sindinadziwe kuti chachiwiricho ndicho chidzandilondola kulikonse.

Namwino wina ndiye anandiuza kuti munthu wovulala pantchito amayenera kulandira chipukuta misozi, ndi kuti bwana ndiye amadzaza fomu yofotokoza ngozi. Nditayamba kuyenda ndi ndodo, ndinapita ku Woodlands.

"Ngozi?" anatero ba sista. "Ngozi iti?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa mapepala anga a sabata ija. Anawayala padesiki limodzilimodzi, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, lililonse lili ndi siginecha yanga pansi.

"Pali pamene munalemba ati mwavulala apa? Munthu wothyoka msana angasebenze masiku atatu?"

"Koma ndinakuimbirani foni tsiku lomwelo."

"Munaniuza ati msana uwawa. Nindani msana siumuwawa? Naine uniwawa." Anatsamira pampando. "Elo mukakamba ati munabanyamula mweka, ninshi munaphwanya lamulo. Munasaina imwe."

"Ndinu munachotsa mnzanga uja, ba sista."

"Nionetseni pamene ninalemba."

Ndinayang'ana khoma. Panali kalendala ndi vesi la m'Baibulo m'felemu. Fomu anakana kudzaza. Anati chimene angandichitire n'kundilembera kalata yakuti ndasiya ntchito chifukwa cha matenda, ndipo ngati ndachira ndidzabwerenso. Kalatayo sindinaitenge.

Ofesi yoona za ovulala pantchito inali m'tauni. Pabenchi pamene tinkadikira panali bambo wopanda zala zitatu, wina womangidwa diso, ndi mayi wopsa mkono wonse. Ine ndinali wathunthu, nditavala chitenje changa chabwino, ndipo ndinachita manyazi. Kukhala pansi sindinkatha nthawi yaitali, choncho ndinkaimirira n'kutsamira khoma, anthu n'kumandiuza kuti malo alipo, khalani.

Amene anatenga nkhani yanga anali bambo wa imvi zochepa, wolankhula mofatsa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anawerenga lipoti la dokotala, chala chawo n'kuima pamzere wachiwiri uja.

"Ba mayo," anatero, "chala chikaduka tichiona, na mashini yamene yachidula tiipeza. Msana ni nkhani ina. Kampani izakamba ati ni ukote chabe, munabwela nawo. Tifunika munthu wamene anaona."

Ukote ndiwo ukalamba. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.

Analembera kampani kalata. Yankho linabwera patatha mwezi, lolembedwa bwino pakompyuta: palibe ngozi imene inanenedwa, wantchitoyu anamaliza masiku ake onse, ndipo lipoti la dokotala wake lomwe likuonetsa kuti msana unali wotha kale.

Nthawi imeneyo tinali titachoka ku Chelstone. Malipiro a amuna anga okha sakanatha kusunga nyumba ija. Mwana wathu wamkulu anapita kwa azakhali ake, ife ndi wamng'ono tinalowa m'chipinda chimodzi kwa alamu anga aakazi, m'mafulati a ku Kabwata, pamwamba penipeni. Alamu anali munthu wabwino, koma nyumba ya eni ndi ya eni. Ndinkamva mapoto akulira kukhitchini ine ndili chagada pansi, pilo pansi pa mawondo, poti pabedi sindinkatha kugona. Mkazi amene moyo wake wonse anasambitsa ena, tsopano ankadikira mlamu wake kuti amuveke siketi.

Wondichitira umboni anali mmodzi yekha padziko lonse, ndipo anali ndi mawu atatu. Komabe ndinapita ku Kabulonga. Ndinakwera minibasi, ndipo hampu iliyonse pamsewu inkandibaya ngati msomali. Ndinapeza bambowo pakhonde akuothera dzuwa, mtsikana wina wa kampani yomweyo akuwapesa tsitsi. Nayenso anali yekha. Atandiona anakweza dzanja lamoyo lija n'kuyamba kuligwedeza. Mwana wawo anatuluka, anandipatsa mpando ndi tiyi. Ndinamupempha kuti alembe mizere iwiri yokha: kuti ndinali ndekha, ndi kuti ndinamuuza madzulo a tsiku lomwelo.

"Anti, ine sininaliko," anatero. "Ningalembe bwanji vamene sininaone? Elo nikalemba, bazakamba ati ndine ninachosa winangu uja. Mulandu uzabwela kuli ine."

Ndinatembenukira kwa nkhalambayo. Ndinafuna kugwada monga mwa ulemu, koma msana sunalole, choncho ndinangowerama pang'ono nditagwira ndodo.

"Batata, mukukumbuka tsiku lija m'bafa? Kampando kataterereka, ine n'kukugwirani?"

"Ee," anatero. Anamenya dzanja panjingapo. "Ee. Ee."

"Dadi amakamba ee ku vilivonse," anatero mwana wawo. Anawayang'ana nati, "Dadi, anti aba ni bongobwela lelo, ka? Simubaziba?"

"Awe!"

Mawuwo anatuluka mwamphamvu mpaka mtsikana uja anagwetsa chipeso. Misozi inayamba kutsika kumbali imodzi ya nkhope yawo. Mwana wawo anayang'ana pansi nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba kuti tsopano avomera. Kenako anati akuchedwa ku msonkhano, ndipo anauza mlonda kuti anditsegulire geti ndizipita.

Bambo a ku ofesi aja nditawafotokozera, anapukusa mutu. Anati umboni wa munthu amene satha kulemba kapena kufotokoza yekha n'ngovuta kuuika m'failo. Chimene chatsala n'kuti madokotala awo andiyese okha.

Tsiku loonana ndi madokotalawo ndinasamba bwino, ndinadzola mafuta, ndinamwa mapiritsi awiri amphamvu kuti ndipirire minibasi. Anali atatu kuseri kwa tebulo. Wina anati ndiyende mpaka pakhomo, ndinayenda. Anati ndiwerame ndigwire mawondo. Chibadwire changa, dokotala akanena kuti chita ichi ndimachita. Ndinakukuta mano, ndinawerama, maso anachita mdima, koma mawondo ndinawagwira. Sindinalire. Amayi anga anandiphunzitsa kuti mkazi salira pamaso pa alendo. Anandifunsa ngati msana unandipwetekapo kale. Ndinanena zoona, kuti unkawawa pamene ndinali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Onse atatu analemba.

Nditatuluka, mayi wina amene anali pabenchi anandifunsa mmene zayendera. Nditamuuza anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Munamwa mankhwala? Elo munawelama? Sembe munagwa pansi, mwalila!" Ankatanthauza kuti ndikanagwa pansi n'kulira kuti madokotalawo aone ululu wanga.

Kalata inafika mvula isanayambe. Amuna anga anandiwerengera, chifukwa Chingerezi chake chinali cholimba. Inati palibe umboni wokwanira wakuti vuto la msana wanga linachokera pantchito. Inatinso ndili ndi ufulu wochita apilo ngati ndapeza umboni watsopano.

Chimene chinandipweteka kuposa kalatayo chinachitika Lamlungu lotsatira. Alamu anali atatuluka, ife tinali pakakhonde ka fulati pamene amayanikapo zovala. Amuna anga anali atatopa, maso ofiira ndi fumbi la ku Intercity, kumene tsopano ankagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka basi yomaliza. Analankhula osandiyang'ana.

"Amake ana, ndiuzeni zoona, tili awiri. Msanawu sunayambe kale? Paja mumadandaula mukachapa mabulangete."

Sikuti ndinakwiya. Ndinachita mantha, chifukwa funso limenelo nanenso ndinali nditayamba kudzifunsa. Anthu ophunzira ambiri chonchija, ndi mapepala awo, onse akunena chimodzi. Ndinayamba kubwereza za m'bafa muja m'mutu mwanga, thaulo, matailosi, mpopi, kuti ndione ngati ndinalidi kumeneko. Masiku ena ndinkaona bwinobwino. Masiku ena zinkakhala ngati nkhani imene ndinaimva kwa munthu wina.

Amuna anga anapepesa madzulo ake. Ndinati palibe kanthu. Koma mawa lake, ndikuchokera kukiliniki kumene ndinkachita mafizo olimbitsa msana ndi mwendo, mwendo unafa ndili pakati pa masitepe a fulati. Kukwera kunakanika, kutsika kunakanika. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo. Anthu ankandilambalala ndi zidebe ndi majumbo awo, ena n'kundipatsa moni, "Muli shani ba mayo," poganiza kuti ndikupuma. Ndinkayankha kuti ndili bwino. Ndinakhala pamenepo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo m'maola amenewo ndinapempha Mulungu chinthu chimene sindinauzepo abusa athu. Alamu ndi amene anandipeza pobwera kuntchito. Anangoika chikwama pansi n'kulowetsa phewa lawo m'khwapa mwanga.

Bambo a ku Kabulonga anamwalira mvula ili pakati. Ndinamva kwa mtsikana uja ndinamupeza akuwapesa, amene anali atasiya ntchitoyo milungu ingapo m'mbuyomo. Amuna anga anati ndisapite, ndikatani kwa anthu amene ananditsekera geti. Ndinati sindikupita kwa iwo, ndikupita kwa munthu amene ndinamusambitsa chaka chathunthu. Panyumba ya maliro amayi anali pamatiresi pabalaza, ine ndinaima pakona ndi ndodo yanga. Mwana wawo anandiona. Anali atawonda, tsitsi atalimanga ndi duku. Anandigwira dzanja n'kunditengera kukhonde la kuseri.

"Anti," anatero, "uja mutsikana atachoka, kampani inachedwa kutuma wina. Ninayesa kubanyamula neka siku imozi. Kubachosa chabe pa bedi." Anasiya kaye, akupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Tinagwa tonse babili. Sininazibe, anti. Sininazibe ati balema so." Ankanena kulemera kwa thupi la atate ake.

Patatha sabata anabwera yekha ku Kabwata, anakwera masitepe onse aja, ndi envulopu m'manja. Analemba zonse: kuti ndi iye anapempha kuti wantchito wachiwiri achotsedwe, kuti kampani inavomera, ndi kuti ndinamuuza za msana madzulo a tsiku lomwe ndinavulala. Anasaina. Atapita ndinawerenga kalatayo katatu, ndipo ndinalira kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi, osati chifukwa cha chipukuta misozi, koma poti papepala panalembedwa kuti zinachitikadi.

Bambo a ku ofesi anaiwerenga kawiri, anavula magalasi nati iyi ndi nkhani ina tsopano. Anatsegulanso failo. Chinatsala n'kuti kampani iyankhe pa zimene zalembedwazo. Analemba kalata, sinayankhidwe. Analemba ina, inabwerera. Foni ya ba sista inkangoti nambalayi sikupezeka.

Ndinapita ndekha ku Woodlands. Ndinatsika pamalo pomwe ndinkatsika zaka zonse zija, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa mipanda. Geti lija ndinalipeza litapakidwa utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, pakhoma atajambulapo njovu ndi zilembo. Mkati tiana tinkaimba. Mphunzitsi wina anabwera pageti, anandiuza kuti iwo analowa miyezi iwiri yapitayo, ndipo amene analipo kale sadziwa kumene anapita. Ndinamufunsanso, ngati kuti akayankha kachiwiri ayankha zina. Anandibweretsera madzi m'kapu ya ana.

Failo yanga ikadali yotsegula. Bambo aja amati lamulo lili ndi njira zake ngakhale bwana atathawa, koma njirazo n'zazitali, ndipo zingafulumire kampaniyo itapezeka. Mwezi uliwonse ndimapita, amandilandira mwaulemu, amandiuza kuti ndibwerenso. Mwendo wa kumanzere wayamba kuchepa poyerekeza ndi unzake, ndipo patapata amavuka ndikuyenda osadziwa. Dokotala akuti pakufunika opaleshoni, ndipo ndikachedwa mtsemphawo sudzadzukanso. Mwana wanga wamkulu akadali kwa azakhali ake. Akabwera kudzationa amalankhula nane mwaulemu wa mlendo.

Tinamva mphekesera kuti ba sista anatsegulanso ntchito yomweyo ndi dzina lina, ena akuti ku Longacres, ena akuti ku Roma. Tsiku limene amuna anga apuma kuntchito, amadzuka m'mawa n'kupita kumeneko wapansi. Amayenda msewu ndi msewu akuwerenga zikwangwani za pamageti, ndipo akaona mayi wovala yunifolomu ya osamalira odwala pasiteji ya basi, amamufunsa mwaulemu kuti amagwira kwa yani. Ambiri amawathawa, poganiza kuti ndi wakuba. Lamlungu lapitali anabwera madzulo atanyowa ndi mvula, nsapato zili matope okhaokha. Ndinawayang'ana, iwo anapukusa mutu. Anakhala pansi pafupi ndi pamene ndinagona, n'kuyamba kundiuza misewu imene ayenda, ndi imene yatsala.